Mtendere wa alawansi: pulojekiti ikatha, komiti imapita kuti?

Fildi Ofesala Wakale: Moni nonse pagulu pano. Pali nkhani yandisowetsa tulo, mundithandize nzeru. Ndagwira ntchito zaka zisanu ndi chimodzi kubungwe lina lomwe si laboma, ndipo pulojekiti yathu inali yolimbikitsa mtendere m'midzi. Tinkakhazikitsa makomiti oyanjanitsa anthu pa mikangano ya malo, ya ufumu ndi ya zipani. Ndalama zinkachokera ku America. Mu Januwale 2025 a Trump atangoimitsa thandizo lopita kunja, tinalandira kalata yoti tisiye chilichonse, ngakhale njinga yamoto osailiza. Chaka chisanafike pakati ofesi inatsekedwa.

Sabata yatha ndinapita kumaliro m'mudzi wina momwe munali komiti yomwe tinkanyadira nayo m'malipoti athu onse. Nditafunsa apampando ngati amakumanabe, anandiyang'ana modabwa n'kuti, "Tikumana bwanji opanda thiransipoti?" Abale anga, malo okumanira ndi pansi pa mtengo wa mango, mtunda woti munthu amafika fodya asanathe kukamwa. Mkangano wa dimba womwe tinalemba kuti tinauthetsa wabukanso, mnyamata wina anatemedwa ndi chikwanje pamkono. Ndiye ndikudzifunsa: zaka zonsezi tinkamanga mtendere, kapena tinkangougula mwezi ndi mwezi ngati mayunitsi a foni?

Mjoni: Achimwene, mwazindikira lero chifukwa malipiro asiya kulowa? Pomwe munkadutsa pa Land Cruiser yoyera n'kutithira fumbi, funso limeneli silinkabwera.

Fildi Ofesala Wakale: Land Cruiser inali ya mabwana, ine ndinali wa njinga. Koma mwalasa, sindikana. Pakamwa pakakhala podzaza munthu safunsa mafunso.

Nesi Nabanda: Ine nkhani zonyoza thandizo lakunja zimandiwawa, chifukwa ambiri ozikamba sanaonepo wodi ya chipatala m'zaka za m'ma 1990. Ndinayamba ntchito anthu akugona pansi pa mabedi, mabokosi a maliro akugulitsidwa pamsewu ngati tomato. Mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa ulere mu 2004 ndi ndalama za Global Fund, ndipo lero anthu pafupifupi 1 miliyoni akumwa. Enanu muli pagulu pano makolo anu ali moyo chifukwa cha ndalama zomwezo. Musamathire zonse m'dengu limodzi.

Fildi Ofesala Wakale: Mayi Nabanda, pa mankhwala sindingatsutse. Piritsi ndi piritsi, kaya lagulidwa ndi ndani limagwira ntchito m'thupi. Koma kumvana kwa anthu a m'mudzi umodzi si katundu woti angabwere pa kontena. Ife tinkachita ngati ndi choncho.

Mjoni: Tatiuzeni mmene munkachitira, tiseke nawo.

Fildi Ofesala Wakale: Zoseketsa zilipodi. Pulojekiti inkalembedwa ku Lilongwe, m'Chingerezi, potsata zomwe opereka ndalama alengeza kuti chaka chino akufuna. Akati nkhani ndi achinyamata, vuto la m'mudzi limasanduka achinyamata. Akati ndi kusintha kwa nyengo, mkangano wa malire womwe unayamba nthawi ya agogo umalembedwa kuti wabwera ndi nyengo. Tikatero timatenga amfumu, abusa ndi amayi awiri atatu, ulendo ku Salima kapena ku Mponela masiku atatu, kukawaphunzitsa kuyanjanitsa anthu. Tangoganizani, ine mwana wa dzulodzuloli, chocholi m'manja, kuphunzitsa gogo yemwe waweruza milandu pabwalo zaka makumi atatu. Iwo ankangogwedeza mutu, kudikira fomu yosainira.

Chomwe tinkawerenga ndi mitu: anthu angati aphunzitsidwa, amayi angati, misonkhano ingati. Palibe fomu yomwe inkafunsa ngati mabanja awiri aja ayamba kupemphana moto. Ndipo choipa kwambiri, tisanabwere anthu ankasonkhana okha amfumu akaitana. Titabwera ife ndi Fanta ndi envulopu, msonkhano wopanda envulopu unasanduka chipongwe. Tachoka, tawasiya opanda zonse ziwiri.

Namalamulo: Pamenepo ndiimeko kaye achimwene. Bwalo la amfumu musalikometsere ngati linali paradaiso. Azakhali anga atamwalira amuna awo analandidwa munda pabwalo lomwelo, amfumu atalandira mbuzi kuchokera kwa achibale a malemu. Amene anawathandiza ndi mayi wina wophunzitsidwa zamalamulo ndi limodzi mwa mabungwe mukuwanyozawa. Mafumu ena ndi amene akugulitsa malo amodzi kwa anthu atatu. Lamulo la malo a makolo la 2016 likuti m'komiti ya malo ya kwa gulupu, mwa anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa, osachepera atatu akhale amayi. Mukuganiza kuti zimenezi zikanalowa m'lamulo popanda mabungwe kukuwa?

Fildi Ofesala Wakale: Achemwali mwanena zoona, ndipo amayi a m'komiti yathu ena anayamba kulankhula pamaso pa amuna chifukwa cha maphunziro omwewo. Chomwe chikundipweteka n'choti tinamangirira zonsezo ku ndalama yomwe sitinkailamulira.

Aphunzitsi Opuma: Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, maso ndi okalamba ndiye ndimalemba pang'onopang'ono. Loleni ndikubwezeni m'mbuyo, chifukwa nkhaniyi sinayambe ndi a Trump.

Nthawi ya Kamuzu mayiko a azungu ankatithandiza kwambiri. Anthu akutsekeredwa ku Mikuyu popanda mlandu, thandizo linkabwera. Nduna zitatu ndi phungu mmodzi ataphedwa ku Mwanza mu 1983, thandizo linkabwerabe. Mayi Thatcher anafika kuno mu 1989 n'kulandiridwa ndi magule. Chifukwa chake n'chakuti Kamuzu anali kumbali yawo pa mkangano wawo ndi mayiko a chikomyunizimu. Mkanganowo utatha, m'pamene maso awo anatseguka.

Tsono onani ndondomeko ya zinthu mu 1992. Pa 8 Malichi kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi, ine ndinali pa benchi tsiku limenelo ndipo anthu tinkaopa ngakhale kutsokomola. Mu Epulo a Chakufwa Chihana anamangidwa atangotsika ndege. Mu Meyi ogwira ntchito ku Blantyre ananyanyala, anthu anawomberedwa. M'mwezi womwewo ndi pomwe mayiko otithandiza anakumana ku Paris n'kuimitsa thandizo lomwe silinali la chakudya ndi zangozi. Chaka chomwecho mipingo, Asilamu, maloya ndi amalonda anapanga bungwe la Public Affairs Committee (PAC), ndipo pa 14 Juni 1993 tinavota pa riferendamu. Amene anayamba ndi eni dziko, moyo wawo uli pachiswe, opanda alawansi. Akunja anabwera pambuyo kudzakankha galimoto yomwe inali italira kale. Kukankhako kunathandiza, sindikana. Koma masiku ano tatembenuza, timadikira akunja alize galimoto ife tikwere.

Mjoni: Aphunzitsi mwalemba buku lathunthu. Koma ndawerenga mpaka pansi.

Mayi a Geni: Pepani ndalowa pakati. Amene akufuna mbatata ya kholowa ndi nyemba za Dedza andipeze kumbali.

Adimini: Mayi, malonda ndi Lachisanu. Lero tili pa nkhani.

Wa ku Zolozolo: Aphunzitsi atchula 1992, ine nditchule 2011 chifukwa ndinaiona ndi maso. Mu Epulo a Bingu anathamangitsa kazembe wa Britain, a Fergus Cochrane-Dyet, chifukwa cha kalata yachinsinsi yomwe inatuluka yowanena kuti sakufuna kudzudzulidwa. Mafuta kunalibe, ndalama zakunja kunalibe, mizere pa filing'i siteshoni usiku wonse. Pa 20 Julaye mabungwe anaitanitsa zionetsero, anthu 20 anafa, ambiri a kuno ku Mzuzu, ndipo ena agona kumanda a Zolozolo kufupi ndi kwathu. Britain inaimitsa thandizo la bajeti, America inaimitsa madola 350 miliyoni a magetsi.

Kenako chinachitika n'chiyani? Zionetsero za pa 17 Ogasiti zinaimitsidwa, a United Nations anabweretsa zokambirana pakati pa boma ndi atsogoleri a mabungwe. Anakambirana m'mahotela miyezi ndithu. Mwina zinapulumutsa miyoyo, sindikudziwa kuti pa 17 pakanagwa zotani. Koma mayi yemwe mwana wake anawomberedwa sanakhale nawo pa tebulo limenelo. Ndipo mu Seputembala chaka chomwecho, zokambirana zili mkati, Robert Chasowa, wophunzira yemwe ankadzudzula boma, anapezeka atafa pa Polytechnic. Ndiye mukamati kupewa mikangano, ine ndimafunsa kuti mukupewa kuti anthu asaphedwe, kapena kuti anthu asakuwe?

Namalamulo: Funso limenelo ndi lomwe ndimafuna. Opereka ndalama ambiri akamati mtendere amatanthauza bata, kuti misewu ikhale yotsegula ndipo maofesi awo agwire ntchito. Taonani 2019. Oyang'anira chisankho ochokera kunja anatulutsa mawu oyamikira kuti kuvota kwayenda bwino, kwinaku mapepala a zotsatira ali mbuu ndi Tipp-Ex. Anthu akanamvera malangizo oti tingovomereza kuti dziko liziyenda, nkhani ikanathera pomwepo. Anthu anayenda m'misewu miyezi yambiri motsogozedwa ndi HRDC, mgwirizano wa omenyera ufulu wa anthu, a Chakwera ndi a Chilima anapita kukhoti, ndipo pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu anafafaniza chisankho cha pulezidenti. Pa 23 Juni tinavotanso. Chomwe chinaletsa dziko kuyaka moto ndi khoti lathu lomwe, lolipidwa ndi misonkho yathu.

Nesi Nabanda: Musaiwale kuti mademo omwewo anawotchetsa mashopu a anthu osalakwa. Ku Msundwe wapolisi anaphedwa ndi miyala, kenako amayi ndi atsikana anagwiriridwa ndi apolisi. Ife ndi amene timalandira ovulala, ndiye mawu oti bata sindimawapeputsa.

Namalamulo: Zoona mayi. Ndipo amene anatengera nkhani ya amayi 18 a ku Msundwe kukhoti mpaka chigamulo cha chipukuta misozi mu 2020 ndi bungwe la maloya achizimayi. Ndiye mabungwe ndi ofunika. Funso ndi lakuti amayankha kwa ndani.

Mjoni: Amayankha kwa mimba zawo. A Timothy Mtambo anatsogolera mademo, boma litasintha anakhala nduna. Kwathu kuno kumenyera ufulu ndi intavyu ya ntchito.

Aphunzitsi Opuma: Mwana wanga, munthu kulowa ndale si mlandu, ndi ufulu wake. Chomwe muyenera kufunsa ndi chifukwa chake bungwe limafooka mtsogoleri mmodzi akachoka. Yankho lake n'lakuti mabungwe athu ambiri alibe mamembala. Ali ndi dayilekitala, akauntanti, dalaivala ndi chikwangwani. Yerekezani ndi mpingo, kapena bungwe la aphunzitsi lomwe tinkadulidwa kangachepe pamalipiro mwezi uliwonse. Mtsogoleri wathu akagona tinkamufunsa, chifukwa ndalama inali yathu. Dayilekitala wa bungwe lodalira akunja mungamufunse chiyani? Lipoti lake limapita ku London kapena ku Washington, inu simuliona n'komwe.

Wa ku Mangochi: Salaam aleikum nonse. Ndiperekeko chitsanzo cha kwathu kuno kum'mawa. Nkhani ya hijabu m'sukulu za mipingo inafika poipa mu 2019, ku Balaka anthu anamenyana, sukulu zinatsekedwa, nyumba zopemphereramo zinaphwanyidwa. Ana a mudzi umodzi, omwera chitsime chimodzi. Amene anakhazika pansi mashehe ndi abusa ndi PAC, mpaka mu 2021 anasainirana mgwirizano woti mtsikana wa Chisilamu asabwezedwe chifukwa cha hijabu. PAC nayo imalandira ndalama zakunja, sitibisa. Koma anthu anamvera chifukwa amene ankalankhula ndi shehe yemwe amawaswalitsa Lachisanu ndi abusa omwe amawaikira maliro. Ndalama inalipira holo ndi mafuta a galimoto. Ulemu wa anthu aja sunagulidwe ndi pulojekiti, anabwera nawo kale.

Fildi Ofesala Wakale: Apa ndi pomwe ife tinaphonya. Tinkasankha anthu a m'komiti potengera amene amatha kulemba dzina pa fomu ndi kubwera nthawi yabwino. Agogo ena aakazi omwe mudzi wonse umawaopa, omwe akalowa pakati pa anthu omenyana zibonga zimagwa pansi, sanalowe m'komiti chifukwa analibe foni yolandirira ndalama.

Mjoni: Ndiye tingowathamangitsa onse basi, tiyambirepo tokha. Kuno ku Johannesburg timatumiza ndalama kumudzi mwezi uliwonse popanda wekishopu, ndipo zimafika zonse.

Nesi Nabanda: Achimwene, muwathamangitse kenako mankhwala mugule ndinu? Atsogoleri a mu Africa analonjeza ku Abuja mu 2001 kuti 15 peresenti ya bajeti izipita ku zaumoyo. Ife zaka zambiri sitifikapo. Thandizo la America litaima chaka cha 2025, achinyamata omwe ankatithandiza kuyeza magazi, kulemba mu kompyuta ndi kulondola odwala osiya mankhwala anauzidwa kuti akhale kunyumba. Ntchito yawo inagwera ife. Mkwiyo wanga sunapite ku America, dziko lawo ndi ndalama zawo. Unapita kwa ife eni, kuti zaka 60 ndi kuposa tili pa ufulu wodzilamulira, wolemba mayina a odwala athu amalipidwa ndi mlendo.

Komanso musamaganize kuti nzeru zonse zimachokera kunja. Njira yoti mayi aliyense woyembekezera yemwe ali ndi kachilombo ayambe mankhwala moyo wake wonse, ija amati Option B+, inayambira kuno mu 2011, mayiko ena n'kutengera kwa ife. Ndalama inali yawo, mutu unali wathu. Zikatere zimayenda.

Aphunzitsi Opuma: Mayi Nabanda akumbutsa chinthu. Pa chimanga napo zinali choncho. Isanafike njala ya 2002, boma linalangizidwa ndi IMF kuti lichepetse chimanga cha m'nkhokwe pobweza ngongole. Anthu athu anagulitsa pafupifupi chonse, china m'njira zokayikitsa, ndipo njala itafika anthu anadya zikhawo za nthochi. Mpaka lero akulozana zala kuti wolakwa ndani. Ine ndimati onse, wolangiza sankadziwa mudzi, wolangizidwa anaona mpata wakuba. Mu 2005 a Bingu anayambitsa makuponi a fetereza akunja ambiri akukana, ndipo zaka zingapo tinakolola. Pambuyo pake makuponi omwewo anasanduka chida cha kampeni. Ndiye musandifunse kuti mngelo ndani.

Wa ku Zolozolo: Ndipo tisaiwale Cashgate. Mu Seputembala 2013 a Paul Mphwiyo, mkulu woona za bajeti ya boma, atawomberedwa, zinaululika kuti mabiliyoni akutuluka ku Capital Hill kupita kumakampani omwe sanagulitse boma ngakhale pensulo. Nthawi imeneyo pafupifupi 40 peresenti ya bajeti inkachokera kwa otithandiza. Anaimitsa madola 150 miliyoni, n'kuyamba kudutsitsa ndalama zambiri m'mabungwe m'malo mwa boma. Kodi mungawadzudzule? Koma zotsatira zake ndi zomwe akunena achimwene a fildiwa: boma limodzi la ku Capital Hill, ndi timaboma tina mazanamazana ta zikwangwani, tomwe palibe anativotera.

Namalamulo: Ndipo boma litaona kuti ndalama zikudutsa kumbali, linakhwimitsa lamulo la mabungwe mu 2022, kuti azipereka malipoti ku NGORA, nthambi ya boma yoyang'anira mabungwe. Mbali ina n'zomveka, chifukwa mabungwe ena a m'chikwama amadya ndalama m'dzina la amasiye. Mbali ina ndi chingwe chomwe boma lililonse lingakoke bungwe likayamba kulankhula kwambiri. Ndiye bungwe lili ndi mabwana awiri, wopereka ndalama ndi wopereka chiphaso. Munthu wa kumudzi yemwe chithunzi chake chili pachikuto cha lipoti sali pa mndandanda.

Chaka chomwecho cha 2022 aphungu anavomereza lamulo lokhazikitsa Malawi Peace and Unity Commission, pamodzi ndi makomiti a mtendere m'maboma. Papepala ndi zomwe tikufunazi, chinthu chathuchathu chokhazikika m'malamulo. Koma ngati mafuta oti komiti ikafike pomwe pabuka mkangano azidikira UNDP, nthambi ya United Nations yoona za chitukuko, tabwerera pomwe paja pa mtengo wa mango.

Mjoni: Walira mvula walira matope. Munafuna ndalama zaulere, landirani ndi mabwana ake.

Wa ku Mangochi: Achimwene a ku Joni, inunso mukamathamangitsidwa kumeneko mabasi okutengani timadikira boma ndi mabungwe omwewa. Tonse tili m'matope.

Mjoni: Apo mwandigwira pakhosi, Che.

Wa ku Ulongwe: Ndalowa mochedwa, netiweki kuno ku Angonia imavuta. Ine ndinakulira ku Dedza ngati wothawa nkhondo. Tinali oposa 1 miliyoni m'Malawi muno nthawi ya nkhondo ya Frelimo ndi Renamo. Ufa, nyemba ndi mafuta zinkachokera ku UNHCR, nthambi ya United Nations yoona za othawa kwawo, ndi mabungwe ena, popanda zimenezo tikanafa, ndisaname. Koma malo omanga nyumba anatipatsa ndi amfumu a m'mudzi, chifukwa amayi anali a mfunda umodzi ndi akazi awo. Mgwirizano unasainidwa ku Rome mu Okutobala 1992, oyanjanitsa anali a bungwe la Akatolika la Sant'Egidio pamodzi ndi bishopu wa ku Beira. Titabwerera kwathu, anyamata omwe anagwira mfuti sanalandiridwe ndi pepala la ku Rome. Ankatengedwa ndi akuluakulu kukasambitsidwa mankhwala, zovala za kunkhondo n'kutenthedwa, ndipo pambuyo pake nkhani za kutchire sizinkatchulidwanso. Wina anapha, wina anaphedwera mbale, lero amalima madimba oyandikana. Sindinaonepo aliyense akusainira alawansi pa mwambo umenewo.

Namalamulo: Koma kusatchula kumeneko kuli ndi mtengo wake, malume. Amayi omwe anachitidwa zoipa kunkhondo anangouzidwa kuti akhale chete. Ndipo mfuti zinaliranso ku Mozambique cha m'ma 2013.

Wa ku Ulongwe: Zinaliradi mphwanga, koma anayambitsa ndi akuluakulu a zipani polimbirana mipando, osati anthu a m'midzi aja.

Fildi Ofesala Wakale: Ndawerenga zonse, zikomo. Madzulo ano ndinaimbira mayi yemwe anali msungichuma wa komiti ija. Akuti mnyamata wotemedwa uja watuluka m'chipatala, ndipo abale ake akukonza zokabwezera madzi akaphwa m'dimba. Ndawapempha kuti akalankhule ndi agogo aakazi ndinanena aja komanso amfumu, tikumane Loweruka pa mtengo womwewo. Ndanenetsa kuti kulibe Fanta, kulibe fomu, ndipo ya minibasi ndilipira ya m'thumba mwanga. Anaseka, akuti "Ndiye mukubwera ngati ndani?" Ndinasowa choyankha, ndangoti ngati munthu amene anadya nawo nsima kumaliro.

Mjoni: Ndikubetcha mayunitsi a K2,000, sapitirira anthu atatu.

Nesi Nabanda: Mukapita mukaonetsetse kuti bala la mnyamatayo akulitsuka, chikwanje cha kudimba chimakhala ndi dothi. Ine ndikulowa ya usiku, tionana.

Fildi Ofesala Wakale: Ndamva mayi. Achimwene a ku Joni, agogo aja akabwera muwawerenge ngati anthu khumi.

Mayi a Geni: Adimini, mawa ndi Lachisanu eti?